Khitchini imateteza matenda, koma si chipatala

Botolo likangolembedwa kuti muli zachilengedwe zokhazokha, anthu amaleka kufunsa mafunso amene akanafunsa zikanakhala kuti ndi mapiritsi: muli chiyani, ndimwe wochuluka bwanji, mwana angamwe kodi, nanga zikakumana ndi mankhwala ena m'thupi chimachitika n'chiyani. Maganizo anga ndi akuti mabanja ambiri asinthanitsa ntchito za zinthu. Chakudya, madzi aukhondo, sopo ndi mkaka wa m'mawere zili ndi mphamvu yaikulu poletsa matenda kulowa pakhomo, koma ndiye zimene timazinyozera. Matenda akalowa kale, mphamvu ya zinthu za m'khitchini imakhala yochepa, komabe apa m'pamene timazikakamira, mpaka mwana kufika kuchipatala atalefukiratu.

Zomera zili ndi mankhwala, ndipo wokana zimenezi sadziwa kumene mankhwala ambiri a m'chipatala adachokera. Kwinini, mankhwala a malungo, adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, adamupatula m'chaka cha 1820. Digoxin, mankhwala a mtima, amachokera ku duwa la foxglove. Artemisinin, amene ali m'mankhwala a malungo a masiku ano, adapezeka m'chitsamba cha Artemisia annua kudzera mu ntchito ya Tu Youyou wa ku China, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma taonani chimene anthu amenewa adachita. Adachotsa mankhwalawo m'chomera, n'kuwayeza, n'kupeza mulingo wochiza ndi mulingo wopha. Masamba a chomera chimodzimodzi amasiyana mphamvu malinga ndi nthaka, nyengo yothyolera, kaumitsidwe kake ndi nthawi imene akhala mumphika. Kapu ya lero ikhoza kukhala madzi chabe, ya mawa n'kukhala yaukali woopsa. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO sililimbikitsa tiyi wa Artemisia pochiza kapena popewa malungo. Mankhwala operewera amatha kuziziritsa thupi osapha tizilombo tonse, ndipo totsalato timayamba kupirira mankhwala amene dziko lonse likuwadalira.

Zoopsa zake sizongopeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium adawonongeka impso atamwa mapiritsi ochepetsa thupi momwe mudalowa chitsamba cha Aristolochia. Ambiri adafunika makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ya munthu wina, ndipo ena adadzadwala khansa ya m'njira ya mkodzo. Chitsamba china, St John's wort, chimene anthu amamwa akamavutika maganizo, chimachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira kwambiri. Mapiritsi olera, ma ARV ena ndi warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) amachepa mphamvu, mwakuti munthu amamwa mapiritsi ake tsiku lililonse mokhulupirika koma m'magazi mulibe okwanira. Muzu wa licorice ukamamwedwa kwambiri umakweza BP. Choncho aliyense amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, mayi woyembekezera, ndi kholo la mwana wamng'ono, asanayambe chitsamba chilichonse anyamule botololo akalionetse kwa dokotala kapena kwa katswiri wa ku famase. Kungotchula dzina la malondawo sikokwanira, chifukwa chofunika kuona ndi mndandanda wa zimene zili mkati.

Tiyi wotsuka m'thupi ndiye chikomekome cha mkuyu. Impso za munthu wamkulu zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi patsiku, ndipo chiwindi chimaphwanya zoipa usana ndi usiku popanda kudikira tiyi. Ambiri mwa matiyi amenewa muli senna, chitsamba chotsegula m'mimba. Womwa amathamangira kuchimbudzi n'kumasangalala kuti zoipa zikutuluka, pamene chikutuluka ndi madzi ndi potaziyamu, mchere wa m'thupi umene minofu ndi mtima zimadalira. Sikelo imatsika masiku awiri, madzi akabwerera imakweranso. Potaziyamu akachepa kwambiri, minofu imafooka ndipo mtima umagunda mosokonekera.

Zilipo zochepa za m'khitchini zimene zimathandizadi pa zovuta zazing'ono. Jinja amachepetsa nseru. Uchi, theka la supuni yaing'ono mpaka supuni imodzi asanagone, umachepetsa chifuwa cha usiku kwa mwana amene wakwanitsa chaka. Koma khanda losakwana miyezi 12 lisalawe uchi ngakhale kadontho. Mu uchi mumatha kukhala njere za tizilombo ta Clostridium botulinum, zimene m'matumbo a khanda zimamera n'kutulutsa poizoni wofoola minofu. Mwana amayamba kudzimbidwa, kuyamwa mofooka, kulira motsika mawu, khosi n'kumalephera kunyamula mutu. Kuthira uchiwo m'madzi otentha sikupha njerezi. Chinthu chomwecho, chochokera kwa njuchi zomwezo, chimathandiza mwana wa zaka zitatu n'kuika pangozi wa miyezi isanu.

Ngati pali chithandizo cha pakhomo chimene chapulumutsa ana osawerengeka, ndi madzi a mchere ndi shuga. Mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, kolera idabuka m'misasa ya othawa kwawo ku West Bengal, madzi a diripi n'kutha. Dokotala wina, Dilip Mahalanabis, adayamba kupatsa odwala madzi osakaniza mchere ndi shuga kuti azimwa, ndipo imfa zidatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pa osakwana 4. Chimene chimachitika n'chakuti matumbo amayamwa sodiyamu wa mu mcherewo limodzi ndi shuga, ndipo madzi amatsatira sodiyamuyo kulowa m'thupi. Njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale munthu akutsegula m'mimba.

Paketi ya ORS, ufa wa mchere ndi shuga wosakaniza kale, ndi imene iyenera kukhala pakhomo nthawi zonse, chifukwa mulinso potaziyamu ndipo mulingo wake udayezedwa kale. Ithiridwe yonse m'madzi okwana mulingo umene walembedwa pa paketipo, osaigawa pakati. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, masupuni onse osalazidwa pamwamba, osati a mulu. Apa anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegula kumakula, n'chifukwa chake zakumwa zotsekemera za m'mabotolo si zoyenera mwana wotsegula m'mimba. Mchere ukachuluka umakweza sodiyamu m'magazi mpaka mwana kukomoka. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe 50 mpaka 100 ml akangochita chimbudzi chamadzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200 ml, pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso mosathamanga. Zotsala zikatha maola 24 zitayidwe. Onjezerani mapiritsi a zinki, 20 mg patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena 10 mg kwa wosakwana miyezi 6, ndipo mupitirize ngakhale kutsegulako kwaleka pa tsiku lachitatu, poti zinki amathandiza matumbo kuchira ndi kuchepetsa kubwerera kwa matendawa m'miyezi yotsatira. Mwana asasiyitsidwe bere kapena chakudya. Matumbo osadya amachedwa kuchira.

Kutsegula m'mimba kwambiri kukanapewedwa ndi sopo. Kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matendawa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo palibe chitsamba chimene chaonetsa mphamvu yotere. Pamafunika masekondi 20 akupakana thovu, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, kenako madzi othiridwa, osati oviikamo anthu angapo m'beseni limodzi. Nthawi zake n'zodziwika: pochoka kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye kapena kudyetsa mwana. Chimbudzi cha khanda anthu ambiri amachiyesa chopanda vuto, chonsecho muli tizilombo tambiri ngati cha wamkulu.

Madzi akumwa okayikitsa abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Ngati muthira klorini, tsatirani mulingo wa pa botolo ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi ovunduka ayambe adikha kapena asefedwe ndi nsalu yoyera, chifukwa matope amadya klorini asanafike pa tizilombo. Kenako pali vuto la posungira, limene limawononga ntchito yonseyi. Madzi owiritsa bwinobwino akaikidwa mu ndowa yotsegula pamwamba, momwe aliyense amaviikamo kapu ndi zala zake, amaipanso tsiku lomwelo. Chosungira chikhale cha kukamwa kwakung'ono, chovundikira, chothira osati chotungamo.

Pa chakudya, anthu amakangana za chimene chili ndi mavitamini ambiri, n'kuiwala kuti chakudya chabwino chosungidwa molakwika chimadwalitsa banja lonse. Tizilombo timaswana msanga pakati pa 5°C ndi 60°C, choncho chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Chidyedwe chikadali chotentha kapena chilowe mu firiji, ndipo potenthetsanso chitenthe mpaka mkati, osati kungofunditsa. Mpunga uli ndi msampha wake. Njere za Bacillus cereus zimapulumuka pophika, mpunga ukazizira pang'onopang'ono zimamera n'kutulutsa poizoni amene moto sumuwononga, kotero mpunga wogona panja ukhoza kusanzitsa anthu ngakhale waukazinganso. Nyemba zofiira zija zooneka ngati impso zimafuna kuviikidwa maola osachepera 5, madziwo n'kutayidwa, kenako kubwadamuka pa moto waukali mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Zophikidwa pa moto wozizira kuyambira pachiyambi zimasunga poizoni wake ndipo zimatsegula m'mimba. Chimanga, mtedza ndi mbewu zina zikachita chuku zimatha kukhala ndi aflatoxin, poizoni amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndi kuyambitsa khansa. Kuphika ndi kukazinga sikumuchotsa. Mbewu ziume mokwanira zisanasungidwe, zikhale pamalo ouma osagunda pansi, ndipo zofota, zosintha mtundu ndi zowawa zisankhidwe n'kutayidwa. Kuzipereka kwa ng'ombe ya mkaka n'kungosintha njira, chifukwa poizoniyo amatulukira mu mkaka.

Ana aang'ono ndi amene amapindula kwambiri ndi zinthu zosagula. Khanda liyambe kuyamwa ola loyamba litabadwa, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi, chifukwa ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 kumatanthauza popanda madzi, tiyi kapena madzi a zitsamba, ngakhale kukutentha bwanji. Mkaka wa m'mawere uli kale ndi madzi okwanira, ndipo chilichonse chowonjezera chimadzaza kamimba kakang'ono n'kulowetsanso tizilombo. Miyezi 6 ikakwana, bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposera, koma chakudya chiyambe: kawiri kapena katatu patsiku kwa wa miyezi 6 mpaka 8, katatu kapena kanayi kuyambira miyezi 9, kuyamba ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu n'kumawonjezera mpaka theka la kapu ya 250 ml. Cholakwika chofala ndi phala lamadzimadzi. Mimba ya mwana imadzaza msanga, ndipo ikadzaza ndi madzi mwana amakhuta koma osadya. Phala likhale lolimba moti likhazikike pa supuni mukaipendeketsa, ndipo mulowe dzira lophika bwino, nyemba zopota, nsomba kapena nyama yosinja, masamba ndi kasupuni ka mafuta. Mafutawo si okometsera chabe. Vitamini A wa m'masamba obiriwira ndi zipatso zachikasu amalowa m'thupi bwino pakakhala mafuta.

Kuchepa kwa magazi kumasonyeza bwino kuti kadyedwe si nkhani ya chimene chili m'mbale chokha, komanso cha zimene zadyedwera limodzi. Ayironi wa mu nyama, chiwindi ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba amalowa movutikira, ndipo tiyi kapena khofi womwera pa chakudya amamumanga kuti asalowe. Siyanitsani tiyi ndi chakudya ndi ola limodzi kapena kuposera. Vitamini C amachita zosiyana ndi tiyi: lalanje, tomato wosaphika kapena madzi a ndimu ofinyira pa ndiwo zitaphulidwa amathandiza ayironi kulowa. Kuviika nyemba usiku wonse kumathandizanso. Koma ngakhale apa khitchini ili ndi malire. Mayi woyembekezera amafunika ayironi wochuluka kuposa amene chakudya cha masiku onse chingapereke, n'chifukwa chake WHO imalangiza mapiritsi a ayironi a 30 mpaka 60 mg ndi vitamini wotchedwa folic acid wa 400 micrograms tsiku lililonse. Folic acid amafunika ngakhale mimba isanayambe, popeza msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima.

Akuluakulu nkhani yawo yaikulu ndi mchere ndi shuga, ndipo sikoma kuimva chifukwa imafuna kuchotsa osati kuwonjezera. Munthu amalola kugula ufa wa masamba odabwitsa kuti athire m'chakudya, koma kumuuza kuti achepetse mchere amakwiya. Mulingo wa WHO ndi mchere wosakwana 5 g patsiku kwa wamkulu, womwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, kuwerengera ndi wobisika mu buledi, soseji, zakudya za m'zitini ndi timiyala tokometsera ndiwo. Pa paketi pakalembedwa sodiyamu, chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere. Njira yogwira ntchito ndi kuyeza mchere wa banja wa tsikulo m'mawa n'kuika pa kambale, kuchotsa wa patebulo, ndi kukometsa ndi anyezi, adyo, ndimu ndi tsabola. Masabata oyamba chakudya chimamveka chosakoma, kenako lilime limazolowera. Mchere wochepawo ukhale wa ayodini. Shuga wothira, kuphatikizapo uchi ndi madzi a zipatso ofinya, asapitirire masupuni aang'ono 12 patsiku kwa wamkulu, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Chitini chimodzi cha 330 ml cha zakumwa zambiri zotsekemera chimakhala ndi shuga wokwana pafupifupi 35 g, kuposa masupuni 8. Shuga wa bulawuni ndi uchi thupi limaziwerenga ngati shuga basi. Chipatso chidyedwe chathunthu, ndipo zipatso ndi masamba pamodzi zikwane 400 g patsiku. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata kwa wamkulu, ndi kusewera kothamanga mphindi 60 patsiku kwa ana a zaka 5 mpaka 17, n'kokwanira poyambira.

Zonsezi zimatsitsa BP, koma sizilowa m'malo mwa kuyezetsa. BP yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi, ndipo woidikira kuti imupweteke mutu amaidziwa tsiku limene wafa ziwalo. Poyeza, khalani pansi mphindi 5, mkono ukhale pa mulingo wa mtima, ndipo pakhale patadutsa mphindi 30 osamwa khofi kapena kusuta. Ikapezeka 140/90 kapena kuposera pa masiku awiri osiyana, pakufunika dokotala. Amene wapatsidwa mapiritsi asawasiye chifukwa wayamba kudya adyo kapena chifukwa BP yatsika. Yatsika chifukwa cha mapiritsiwo.

Ena amati katemera si wachilengedwe ndipo mwana wodya bwino samufuna. Mwana wodya bwino amalimba akadwala, zoona, koma chakudya sichiphunzitsa thupi kuzindikira kachilombo ka chikuku. Katemera ndi amene amachita zimenezo, pogwiritsa ntchito chitetezo cha thupi lomwelo. Nthomba idathetsedwa padziko lonse ndi katemera, ndipo WHO idalengeza zimenezi mu 1980. Chikuku chimafala msanga kwambiri moti pamafunika ana 95 pa 100 aliwonse alandire katemera kawiri kuti chisabuke.

Mfundo yolimba ya otsutsa ndi yakuti chipatala chimakhala kutali, mzere wautali, mankhwala nthawi zina kulibe, ndiye anthu amayamba ndi zimene zili pafupi. Imeneyo ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake kholo liyenera kudziwa zizindikiro zimene zimathetsa zoyesayesa za pakhomo, kuti ulendo ukhale wa nthawi yake. Mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamangogona osadzuka bwinobwino, akaonetsa magazi m'chimbudzi, maso akalowa ndipo khungu la pamimba likatsinidwa n'kuchedwa kubwerera, palibenso za tiyi kapena zodikira kuche. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi kufika 38°C lipite tsiku lomwelo ngakhale likuoneka bwino. Kumadera kumene kuli malungo, kutentha thupi kulikonse kumafuna kuyezetsa magazi pasanathe maola 24.

Chibayo chimadziwika ndi kapumidwe, ndipo kholo lililonse likhoza kuwerenga ndi wotchi ya pa foni. Mwana akhale phee, osati akulira, vundukulani chifuwa, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Kupuma ka 60 kapena kuposera kwa wosakwana miyezi iwiri, ka 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, n'kupuma kofulumira. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pamene akukoka mpweya, ndiye zafika poipa. Paracetamol angathandize panjira, 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, osapitirira kanayi pa maola 24, koma amangotsitsa kutentha, chibayo chikadali pomwepo. Asipirini asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 16 pokhapokha dokotala atalamula, chifukwa amatha kutupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi mwana akamadwala chimfine kapena katsabola. Maantibayotiki otsala kwa wodwala wina asamwetsedwe mwana ameneyu: mtundu wake ndi mulingo wake zidayezedwera munthu wina, ndipo amasokoneza zimene dokotala akanaona pomuyeza.